Ulendo wa ku Canterbury ndi Manda a Kwathu

Mawu amene ananenedwa pamaso pa Akhristu, aphunzitsi ndi akatekisiti pa masiku a chikondwerero cha Mishoni ya ku Nkhotakota



Akulu a mpingo, m'mene analikukonza za masiku ano, anandituma kuti ndikusimbireni za ulendo umene ndinayenda zaka zapitazo kukaona nyumba ya Mulungu ya ku Canterbury, m'dziko la England. Ndinavomera, pakuti wotumidwa ndi akulu sakana. Koma ndikuuzeni poyamba pomwe kuti m'nkhani imeneyi muli manyazi anga, ndipo ndidzawaulula ndisanakhale pansi, chifukwa ndiyesa kuti manyaziwo si a ine ndekha ayi.

Ulendo wa kumalo oyera si chinthu chachilendo kwa ife. Makolo athu, mvula ikakanika ndi mbewu zikayamba kufota m'minda, ankatuma akuluakulu ndi mitulo ku kachisi wa ku Msinja, kwa Makewana, ulendo wa masiku ambiri. Anansi athu Asilamu, amene tigula nawo pa msika umodzi ndi kukoka nawo khoka limodzi, amasunga ndalama zaka zambiri kuti akaone Mecca kamodzi asanafe. Akhristu nawonso, kuyambira kalekale, ankasiya minda ndi mabanja napita ku Yerusalemu kapena ku Roma. Ndipo anthu a ku England, kwa zaka zoposa 300, ankapita ku Canterbury. Tsono tiyambe tafunsa: anakafunanji kumeneko?

Papa Gregory anatuma mmonke dzina lake Augustine, pamodzi ndi anzake ngati 40, kwa anthu a ku England, amene nthawi imeneyo ambiri a iwo anali kupembedza milungu ya makolo awo. Chaka cha 597 anakocheza m'dziko la Kent, kwa mfumu Ethelbert. Mkazi wa mfumuyo, Bertha, anali Mkhristu kale, ndipo anali kupemphera m'katchalitchi kakang'ono ka Martin Woyera, kamene kalipobe, ndipo anthu apempheramo kufikira lero. Mfumu inawalandira alendowo, niwapatsa malo m'mudzi wake wa Canterbury, ndipo pambuyo pake inabatizidwa. Taonani, abale, chiyambi chawo sichisiyana ndi chathu: alendo ochokera tsidya la nyanja, osadziwa chinenero, opempha malo kwa mfumu.

Koma chimene chinakokera makamu a anthu ku Canterbury chinachitika zitapita zaka zoposa 570. Mfumu Henry II inali ndi bwenzi lake lapamtima, Thomas Becket, nimuika akhale Bishopu Wamkulu chaka cha 1162, poyesa kuti potero Eklezia adzakhala m'manja mwake. Sizinatero ayi. Anakangana pa milandu ya ansembe, ngati iweruzidwe pa bwalo la mfumu kapena pa bwalo la Eklezia, ndipo Thomas anathawira ku France, nakhala kumeneko zaka 6. Atabwerera, mfumu inalankhula mawu aukali pamaso pa asilikali ake, ndipo anayi a iwo anawatola mawuwo, nanyamuka ndi malupanga. Pa 29 Disembala 1170, nthawi ya mapemphero a madzulo, analowa m'tchalitchi. Amonke anafuna kupiringidza chitseko, koma Thomas anawaletsa, posafuna kuti nyumba ya Mulungu isanduke linga. Anamupha pomwepo, mwazi wake nutayika pa miyala ya pansi.

Mbiri inawanda ngati moto wa lupsa. Chaka cha 1173 anatchedwa woyera, ndipo chaka cha 1174 mfumu Henry yomwe inadza ku manda ake yopanda nsapato, nilola amonke kuikwapula. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kudza: akhungu, opunduka, amayi a ana odwala, olapa machimo, mafumu ndi amphawi. Kuchokera ku London ndi mtunda wa mamailosi ngati 60, ndipo ankayenda masiku atatu kapena anayi, ali m'magulu chifukwa cha achifwamba. Pobwerera ankatenga timabotolo ta mtovu ta madzi a kumandako, kukapatsa odwala otsala kumudzi. Chaka cha 1220, ndicho cha 50 chifere Thomas, anachotsa mafupa ake m'chipinda cha pansi nawaika m'bokosi la golide ndi miyala ya mtengo wapatali, kuseri kwa guwa lalikulu; ndipo kuyambira pamenepo ankachita chikondwerero chachikulu zikakwana zaka 50 zilizonse. Potero mwambo umene watisonkhanitsa lero iwonso anali nawo.

Pamenepo panadza mfumu ina, Henry VIII, imene inadana ndi chikumbutso cha munthu wokana mfumu. Chaka cha 1538 inalamula kuti bokosi lija liphwanyidwe. Golide ndi miyala zinapita kwa mfumu pa ngolo zambiri, mafupa anachotsedwa, ndipo ulendo wa makamu aja unalekeka.

Tsono ndinene zimene ndinaona ndi maso anga. Abale a mpingo wina wa ku England, amene anandiitana kukacheza nawo, ananditenga pa sitima ya pamtunda m'mawa wa tsiku lozizira. Tinalowa pa chipata chachikulu, ndipo nditakweza maso ndinasowa chonena. Nsanja yapakati italika mapazi 235, ndipo nyumbayo m'litali mwake ipitirira mapazi 500. M'kati mwake mizati yamiyala imakwera nikakumana pamwamba monga mitengo ya m'nkhalango yowirira, ndipo kuwala kolowa pa mawindo a magalasi amawangamawanga kumagwa pansi kofiira ndi kobiriwira. Pa magalasi ena, amene akhala pamenepo zaka ngati 800, anajambulapo anthu wamba ochiritsidwa ku manda a Thomas. Ndinaona mpando wamwala umene Bishopu Wamkulu aliyense amakhazikidwapo. Ndinaona malo amene Thomas anagwerapo, pamene tsopano pali guwa laling'ono, ndi malupanga achitsulo olenjekeka pamwamba pake. Ndinaonanso chipinda chokumbukiramo ofera chikhulupiriro a masiku athu, ndipo pakati pawo pali mwana wa Africa, Janani Luwum, Bishopu Wamkulu wa ku Uganda, amene anaphedwa chaka cha 1977 mu ulamuliro wa Idi Amin.

Koma zimene zinandigwira mtima koposa ndi ziwiri, ndipo zonse ziwiri n'zopanda ulemerero. Choyamba ndi makwerero amiyala opita kumene kunali bokosi lija. Miyalayo ndi yolimba, koma pakati pake panakumbika ngati mphero ya agogo, chifukwa cha mapazi ndi maondo a anthu osawerengeka amene anakwera pamenepo. Chachiwiri ndi malo a bokosiwo. Ndinayesa kuti ndikapeza chinthu chachikulu. Ndinapeza pansi popanda kanthu, ndi kandulo imodzi ikuyaka. Mfumu inatha kuchotsa golide, inatha kuchotsa mafupa, koma siinathe kufafaniza mokumbika mwa maondo a amphawi, ndiponso siinathe kutseka pakamwa pa anthu osimba nkhaniyo. Zapita zaka zoposa 480 bokosi lichokere, ndipo anthu alikudzabe. Ndinazindikira pamenepo kuti chimene chisandutsa nyumba kukhala malo oyendera alendo si kutalika kwa nsanja ayi, koma zinthu ziwiri: munthu amene anataya moyo wake chifukwa cha Ambuye, ndi anthu amene saleka kusimbira ana awo za iye.

Tsopano ndafika pa manyazi anga. Ndili chiimire pafupi ndi kandulo ija, anandiyandikira mayi wina wokalamba, mmodzi wa iwo amene amalandira alendo m'nyumbamo, nandifunsa kwathu. Ndinati, "Ku Malawi, mayi, ku Nkhotakota." Nkhope yake inawala. Anati ali mtsikana ankawerenga mabuku a Mishoni yathu, m'mene mudzi uno unkalembedwa Kota Kota. Ndipo anati, "Ndiye kuti inu mumapemphera pamene pali manda a Bishopu Maples! Tandiuzani, bambo, anamira chaka chiti? Anali ndi yani m'ngalawamo? Nanga wansembe woyamba wa kwanuko anali yani?"

Abale anga, ine ndinabatizidwa m'nyumba muno, ndinalimbitsidwa muno, ukwati wanga unadalitsidwa muno, ndipo ndaphunzitsa ana a anthu zaka zambiri. Koma pa mafunso atatu aja sindinayankhe ndi limodzi lomwe. Ndinangoti, "Kalekale, mayi." Ndinali nditawoloka nyanja zazikulu kukaona manda a eni ake, ndikudziwa tsiku ndi mwezi umene Thomas anafera, koma manda amene ndinkawadutsa Lamulungu lililonse sindinawadziwe mbiri yake. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinali nditamuona mayi wanga kuchepa mwendo. Nditabwera kuno ndinafunsa okalamba, ndinawerenga mabuku akale, ndipo zimene ndinapeza ndizo ndikupatsani tsopano, kuti wina wa inu asadzachite manyazi monga ine.

Tiyambire pa gombe. M'zaka za m'ma 1840 Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazika malonda ake pano, ndipo kwa zaka ngati 50 doko lino linali chipata chotulukira minyanga ndi akapolo. Anthu ogwidwa ku mitunda ankawasonkhanitsa pano, nawalonga m'zombo kuwawolotsera kutsidya la kum'mawa, ndi kuwayendetsa pansi miyezi kufikira ku Kilwa. Ambiri anathera m'njira. Tisaloze chala mnansi ponena izi, pakuti pakati pa ife amene takhala muno ena ndife adzukulu a ogulitsidwa, ena a ogula, ndi ena a ogulitsa. David Livingstone anaona zimenezi poyenda pa nyanja ino chaka cha 1861, ndipo atabweranso chaka cha 1863 anakhala pansi ndi Jumbe ndi mafumu patsinde pa mkuyu uja uli panjapo, kuwadandaulira kuti malondawo aleke. Sanaleke tsiku limenelo ayi. Anapitirira zaka zina ngati 30. Koma mtengowo ulipobe, mboni ya mawu amene anaoneka ngati agwa pa mchenga.

Livingstone yemweyo ndiye anali atadzutsa ophunzira a ku Cambridge ndi mawu ake chaka cha 1857, ndipo m'menemo munabadwa Mishoni yathu ya U.M.C.A. Ndipo imvani ichi: mwezi wa Okutobala 1860, Charles Mackenzie ndi anzake asanakwere chombo kudza kuno, mapemphero owatsazika anachitikira m'nyumba yomwe ija ya ku Canterbury. Anafika ku Magomero chaka cha 1861, ndipo pa 31 Januwale 1862 Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo pafupi ndi mathiriro a Ruo mu Shire. Potero njira imene ine ndinayenda popita, Uthenga unali utaiyenda kale pobwera.

Kuno ku Nkhotakota ntchito inayamba chaka cha 1894, m'mene anadza wansembe Arthur Fraser Sim. Ndilo yankho la funso lachitatu la mayi uja. Anayamba ndi kasukulu ndi anthu owerengeka, m'mudzi umene sunamuitane. Chaka chotsatira, pa 29 Juni 1895, Chauncy Maples, amene anali atagwira ntchito m'Africa kuyambira 1876, ku Masasi, ku Newala ndi ku Likoma, anadzozedwa ku London kukhala Bishopu wa Likoma. Anafulumira kubwerera kwa anthu ake. Atafika kumwera kwa nyanja anakwera ngalawa yachitsulo ya matanga yotchedwa Sherriff, pamodzi ndi mnzake wa mu Mishoni, Joseph Williams. Inu asodzi mudziwa mwera wa miyezi imeneyo, m'mene umadzukira mwadzidzidzi. Usiku wa pa 2 Sepitembala 1895 namondwe anagubuduza ngalawayo kufupi ndi gombe la ku Salima. Amalinyero anasambira napulumuka, koma Bishopu, amene mkanjo wake unalemera ndi madzi, anamira, ndi Joseph Williams yemwe. Anali atakhala Bishopu masiku 65 okha, ndipo sanafike ku mpando wake. Patapita masiku, mtembo wake unapezeka, nautengera kuno, nauika m'nthaka ino. Ndipo manda amenewo ndiwo ali pansi pa denga lino la Oyera Onse. Isanathe miyezi iwiri, mwezi wa Okutobala, Bambo Sim nayenso anamwalira ndi malungo pompano.

Lingalirani, abale, Mishoni ya chaka chimodzi yokhala ndi maliro awiri otere. Munthu wanzeru za dziko akadati, "Malo awa akana, tiyeni tichoke." Sanachoke. Chaka cha 1901 sitima yotchedwa ndi dzina la Chauncy Maples inayamba kuyenda pa nyanja yomwe inamumiza, itanyamula ansembe, aphunzitsi ndi mankhwala. Pano panamangidwa sukulu, ndi chipatala cha Anna Woyera, kumene ambiri a inu munabadwira, Akhristu ndi Asilamu omwe.

Ndipo musayese kuti mbiri ino ndi ya Azungu okha. Ku Chia, kumene enanu mwachokera m'mawa uno, kunabadwa Leonard Kamungu. Anakaphunzira ku Kiungani, ku Zanzibar. Anakhala dikoni chaka cha 1902 ndi wansembe chaka cha 1909, woyamba mwa ana a dziko lino mu mpingo wathu. Anatumikira ku Lungwena ndi kuno, ndipo pambuyo pake anasiya nyanja ya kwawo napita kwa Akunda ndi Ansenga ku Msoro, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, kumene anamwalira chaka cha 1913. Akhristu a kumeneko amamuyesa atate wawo, monga a ku England amuyesera Augustine. Zisanathe zaka 20 Uthenga ufikire pano, gombe limene linkatumiza akapolo linatumiza mtumwi. Ndipo chaka cha 1965 Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, anadzozedwa kukhala Bishopu woyamba wa mtundu wathu mu mpingo uno, nakhala Bishopu woyamba wa Dayosizi ya Lake Malawi chaka cha 1971.

Tsono munthu wotaya moyo chifukwa cha Ambuye tili naye, ndipo si mmodzi. Chimene chili pangozi ndi chachiwiri chija, ndicho anthu osimba. Kwa ife sikudzabwera mfumu ndi ngolo kudzaphwanya manda. Mdani wathu ndi wofatsa koposa. Ndiye chiswe chimene chimadya mabuku a ubatizo, ndi maliro a okalamba amene timawaika pamodzi ndi zonse anazidziwa, ndi ulesi wa ife aphunzitsi. Chifukwa chake, inu akatekisiti ndi aphunzitsi, ndikupemphani zinthu zitatu.

Choyamba, bwerani nawo kuno anthu anu. Kamodzi pa chaka, pa 2 Sepitembala kapena pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, tengani a m'kalasi la ubatizo ndi la chilimbitso, muyende nawo pansi ngati mtunda ulola, mutanyamula kamba wa chinangwa ndi usipa, monga ankachitira alendo a ku Canterbury. Musanyamuke muli ndi mangawa. Amene ali pa udani ayambe ayanjana kumudzi.

Chachiwiri, mukafika musathamange ngati alendo ojambula zithunzi. Yambirani pa gombe, muwauze za akapolo, mupempherere onse amene ali m'nsinga lero. Kwerani ku mkuyu, muwauze za mawu amene anachedwa kubala. Lowani muno, muime pa manda, mutchule maina ndi zaka. Potsiriza gwadani pa guwa, pakuti ulendo wosathera pamenepo ndi kungoyenda chabe. Amene angathe, awolokenso kukaona tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Likoma, chimene mwala wake woyamba unaikidwa chaka cha 1903, pa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti, ndipo chinapatulidwa chaka cha 1911.

Chachitatu, m'mudzi uliwonse muli tchalitchi munali mphunzitsi woyamba amene anaimba belu la khasu pansi pa mtengo, munali mayi woyamba kubatizidwa, munali mfumu imene inapereka malo. Gulani kope, mukhale pansi ndi okalamba chaka chino, pakuti chaka chamawa enawo sadzakhalapo. Lembani maina ndi zaka, lambulani manda awo, ndipo kope limodzi mubwere nalo kuno lisungidwe.

Ndichenjezepo chimodzi ndisanatsirize. Miyala siipulumutsa munthu, ngakhale manda a bishopu. Ku Canterbury komwe, alendo atachuluka, kunachulukanso ogulitsa madzi ndi zizindikiro, ndipo ena anaika mtima pa botolo naiwala Mwini. Mulungu amene amva pemphero pansi pa nsanja ya mapazi 235 ndi yemweyo amene alimva m'katchalitchi kaudzu ku Sani kapena ku Bua. Sitiyendera manda chifukwa Mulungu akhala komweko, koma chifukwa mitima yathu iiwala msanga, ndipo mapazi akayenda mtima umakumbuka.

Mayi uja wa ku Canterbury ndinamulembera kalata nditatha kufufuza, ndi kuyankha mafunso ake onse atatu: chaka ndi 1895, mnzake wa m'ngalawa ndi Joseph Williams, wansembe woyamba ndi Arthur Sim. Tsono mapemphero akatha, musafulumire kupita ku mpunga ndi chambo, sizithawa. Ana onse a sukulu ndi a m'makalasi anditsate ine ku manda, ndipo kuchokera pamenepo titsikire ku mkuyu ndi ku gombe. Ndikawafunsa mafunso atatu omwewo, ndipo inu aphunzitsi awo muime pambuyo pawo, mumve m'mene ayankhire.

Ambuye akudalitseni nonse.